Ndinamwa Milaza ya Atate

Chaka cha 1992 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Ndinali ndi mkazi, mwana wamkazi mmodzi dzina lake Esnati, njinga, mbuzi zisanu ndi zinayi, ndi milaza makumi anayi ndi isanu ndi iwiri m'mbali mwa kamtsinje kuseri kwa mudzi wathu ku Shikabeta. Ndatchula zonsezi poyamba kuti pomaliza mudzathe kuwerengera nokha.

Ine ndine Daka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho musayembekezere mawu okometsera. Andipempha kuti ndilankhule kwa inu amene mowa wakugwirani, ndipo ndavomera chifukwa ndikuona manja a ena mwa inu akunjenjemera pamawondo. Anganso ankatero.

Ntchito yanga inali yoluka madengu a mlaza. Atate anabwera nayo kuchokera kwa Petauke, ndipo milaza ija ndi iwo anailambulira nakhala akuisamala mpaka imfa yawo. Lamulo lawo linali limodzi. Tsamba lolukira ndi lija lapakati, lisanatambasuke, loima ngati mkondo. Pa mlaza uliwonse dula limodzi lokha, ndipo usabwererenso mpaka ena awiri atatambasuka. Ukaphwanya lamuloli ankakukwapula ndi phesi la mlaza womwewo, ndipo phesi la mlaza lili ndi minga. Ine ndinakwapulidwa kamodzi basi.

Tsambalo umaling'amba timizere, kuyanika pamthunzi, kenako kuviika m'madzi usanayambe kuluka. Timizere tina ndinkatiphika ndi makungwa kuti tide. Dengu langa linkadziwika ndi mizere iwiri yakuda kunsi kwa mlomo. Ndinkamanga madengu panjinga mpaka kumsewu waukulu, ndipo madalaivala a malole ndi amayi a m'mabasi ankagula osatsutsa. Mtengo sindinkatsitsa. Wofuna chotchipa ndinkamulozera kwa Lungu, mnansi wanga woluka malichero a nsungwi. Lunguyo ndinkamuseka pamaso pa anthu kuti malichero ake ndi masefa, mayi akapeta chimanga nkhuku ndizo zimakhuta. Iye ankangoseka nawo.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chitangomasula ngayaye. Akuluakulu muli pano mukukumbukira. Tinadya chimanga chachikasu chopatsidwa. Ndinakhala kumsewu masiku atatu ndi madengu khumi ndi awiri, ndipo ndinabwerera nawo onse. Anthu analibe choikamo.

Ndiye kunabwera Njovu, munthu wa kuchigwa, wamfupi, woseka nthawi zonse. Anayenda nane m'milaza ija akuigunda ndi ndodo, nati: "Ba Daka, mukulira njala mutakhalira mowa? Dengu sagula, koma kapu imodzi munthu sailephera, ngakhale ana agone ndi njala."

Ankanena uchema. Kwa amene simunaone, umatere. Umatentha masamba onse a mlaza, kudula mutu, n'kusiya chitsa chofika m'chiuno. Pamwamba pake pamakhala mtima woyera. Mtimawo umaucheka kagawo kopyapyala m'mawa ndi madzulo kuti usaume, umaika katsamba koti madzi azitsikira m'chipanda, ndipo pomaliza umaluka kachisoti ka mlaza n'kuvundikira pamwamba kuti dzuwa ndi njuchi zisafikepo. Ikatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi mtima watha, mlaza wauma.

Musanene kuti Njovu anandinamiza. Ndinkadziwa kuti mlaza wodulidwa mutu sutulutsanso mkondo. Ndinati ndidula umodzi wokha, mpaka mvula ibwere.

Uchema wa m'mawa umatsekemera ngati madzi a shuga. Pofika masana umayamba kuluma. Wogulitsa ayenera kulawa kuti adziwe pamene wafika, ndipo ine ndinkalawa mokhulupirika. Mvula inabwera chaka chotsatira, chimanga chinacha, anthu anayambanso kufunsa madengu. Ine ndinali pa mlaza wachisanu ndi chinayi. Ndinkawauza kuti abwere mwezi wamawa. Kenako analeka kubwera. Uchema wogulitsa unachepa, wakumwa ine ndi Njovu unachuluka. Mbuzi zinapita imodzi imodzi kusinthanitsa ndi chimanga, chifukwa munda sindinkalima. Njinga inapita. Tsiku lina ndinagwera pa chitsa n'kusiya mano anayi pomwepo, ndipo nditadzuka ndinayamba ndayang'ana ngati chipanda sichinasweke.

Kuluka sindinaleke. Ndinkaluka tizisoti. Ndipo ndikuuzeni, panalibe wodula uchema m'dera lonselo amene anali ndi tizisoti tokongola ngati tanga. Tina ndinkatiika ndi mizere iwiri yakuda.

Amake Esnati, akazi anga, anali munthu wosalankhula zambiri. Tsiku lina chaka cha 1994 anandipeza pakhonde ndikumaliza kachisoti, anaima n'kumayang'ana, kenako anati: "Atate ake a Esnati, manja amene ankaveka akwati madengu pamutu tsopano akuveka zitsa?" Ndinawamenya ndi chipanda kumaso. Sindibisa. M'mawa mwake anatenga mwana ndi mapoto awiri n'kupita kwa mlongo wawo ku Chinyunyu, kumene anayamba kugulitsa nthochi ndi mbatata m'mbali mwa msewu. Sindinawatsatire. Njovu anati nyumba yapepuka, ndipo tinamwa.

Mukafunsa kuti ndinkamva chiyani zaka zimenezo, yankho ndi lakuti palibe. Anthu amaganiza kuti chidakwa chimakhala chikusangalala kapena chikulira. Ine ndinkangodzuka, kucheka mtima wa mlaza, kumwa, kugona pamthunzi, kuchekanso. Masiku onse anali tsiku limodzi.

Mwezi wa Ogasiti chaka cha 1996, dzuwa litakwera pang'ono, Esnati anafika. Anali atakula, poyamba sindinamuzindikire. Anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe yomwe inali itagwa denga, n'kundipatsa moni monga mwana wolangizidwa bwino. Anati akukwatiwa kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndi mnyamata wa ku Mpanshya wokonza njinga. Zonse amalume ake anali atakamba kale. Kwa ine anadzera chinthu chimodzi.

Kwathu kuli mwambo umene atate anabwera nawo. Mwana wamkazi akamakwatiwa amatuluka ndi dengu lolukidwa ndi atate ake, ndipo m'dengu limenelo amasenzeramo ufa woyamba kupita nawo kwa apongozi ake. Alongo anga onse anatuluka ndi madengu a atate. Ineyo ndinali nditalukira ana a anthu ena ambiri amene atate awo sankadziwa kuluka. Esnati anati amake anamuletsa kuti asadzivute, koma iye anafuna kumva kuchokera pakamwa panga.

Ndinamuuza kuti abwere pakatha milungu itatu. Ndinalankhula mokweza, ngati wandinyoza pofunsa.

Atapita ndinatenga mpeni n'kutsikira kumtsinje. Njira imeneyo ndinkayenda kawiri pa tsiku, koma nthawi zonse maso anga ankakhala pa chitsa chimodzi, chomwe chinali ndi chipanda. Tsiku limenelo ndinkafuna tsamba, choncho ndinayang'ana paliponse. Ndinayamba kumtunda kumene atate ankakonda kukhala. Chitsa, kachisoti. Chitsa, kachisoti. Zina moto wa tchire unali utazidetsa. Patsinde pa zina panali timphukira, koma moto ndi mbuzi za anthu zinali zitatimaliza, palibe kofika ngakhale m'bondo. Ndinayenda mpaka kumunsi ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Zitsa makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Zinaima m'mizere ngati anthu pamaliro, chilichonse ndi chisoti chake.

Unatsala mlaza umodzi, waung'ono, kuseri kwa chulu. Unapulumuka chifukwa pachulupo panali mavu ndipo Njovu ankawaopa. Unali ndi mkondo umodzi. Dengu la mkwati limafuna mikondo khumi ndi iwiri.

Ndinakhala pansi. Sindinalire, sindinapemphere. Ndinamasula chipanda cha tsikulo n'kumwa chonse.

Panali njira. Kuchigwa, ulendo wa masiku awiri, kunali milaza yambiri, ndipo Lungu anali ndi mlamu wake kumeneko. Ndikanamupempha akanandibweretsera mtolo. Koma Daka kupempha mlaza kwa woluka masefa? Apa mvetserani bwino, chifukwa mowa sunali wokha. Kunyada kunali kusanathe, ngakhale munthu ndinali nditatsala ndi kabudula mmodzi.

Ndinaganiza nzeru yanga. Ndinazungulira zitsa zonse n'kuvula tizisoti tomwe tinali tisanaole, pafupifupi makumi atatu. Ndinatimasula kamzere kamodzi kamodzi, n'kutiviika mumtsinje masiku awiri. Ndinati mlaza ndi mlaza. Mwana wa zaka khumi wa m'banja loluka akanandiuza kuti mlaza womwe wapsa ndi dzuwa ndi kunyowa ndi mvula zaka zitatu sulimbanso. Inenso ndinkadziwa. Ndinaluka.

Zinanditengera masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ntchito yomwe kale inali ya masiku anayi. M'mawa manja ankanjenjemera, ndiye ndinkamwa kuti akhazikike, akakhazikika maso ankaona timizere tiwiri pamene pali kamodzi. Timizere tinali tatifupi, ndinkalumikiza paliponse. Koma linatha, ndipo poliona patali linali dengu. Mizere iwiri yakuda inalipo. Njovu analinyamula, n'kulinunkhiza, nati apongoziwo akangodya nsima ya ufa wa m'menemu adzavina okha popanda ng'oma.

Esnati anabwera tsiku lomwe tinapangana. Anali atatenga ufa m'kathumba, woti andisiyire. Anagwada, ndinamupatsa dengu, analandira ndi manja awiri. Analitembenuza, n'kuyendetsa chala pa mizere yakuda ija. Ndinaona mphuno yake ikugwedera pang'ono ndi fungo la uchema. Anati n'lokongola. Kenako anachita zimene amake anamuphunzitsa, zoyesa dengu usanapite nalo pagulu. Anakhuthulira ufa uja m'menemo, anapinda kansalu n'kuika pamutu, anakweza dengu, naimirira.

Anayenda mapazi atatu. Pansi pa dengu panang'ambika mopanda phokoso, ngati pepala lonyowa. Ufa unatsika kumaso kwake, paphewa, pachitenje, mpaka pansi. Mlomo wa dengu unatsala m'manja mwake, mutu wake uli pakati.

Njovu anayamba kuseka, kenako analeka.

Mwana uja sanalire. Anaika mlomo wa dengu pambali bwinobwino, ngati chinthu chamtengo. Anapukuta m'maso. Anagwada n'kuyamba kuwola ufa ndi manja, wapamwamba wokha wopanda mchenga, kubwezera m'kathumba. Anachita zimenezi nthawi yaitali. Ine ndinali chikhalire pampando, manja pamawondo, ndikuyang'ana nyerere zikubwera. Atamaliza anamanga kathumbako n'kukaika pakhomo la nyumba yanga, pamene amake ankaika zinthu.

Anati: "Musavutike, atate. Amalume agula kale beseni la pulasitiki. Anati tikhale nalo pafupi."

Anatsazika mwaulemu n'kumapita, ufa uli m'tsitsi.

Mawu aja, akuti tikhale nalo pafupi, ndiwo anakhala. Anthu onse a ku Chinyunyu ankadziwa kuti dengu silidzakhalapo. Anagula beseni mwana asananyamuke n'komwe. Amene ankakhulupirira anali iye yekha, ndipo anayenda ulendo wonsewo kawiri.

Ku ukwati ndinapita. Ndinakhala kumbuyo, pa njerwa. Ndinaona mwana wa Daka, mdzukulu wa Daka, akusenza ufa m'beseni lobiriwira la m'sitolo. Amake anandiona, anandipatsa moni wa mlendo, ndinayankha moni wa mlendo. Kameneko kanali komaliza kuonana.

Nditabwerera, chitsa chomaliza chinali chitauma. Njovu anafika m'mawa ndi muuni wa udzu wotenthera mavu, nati tiyeni kuchulu, watsala umodzi, tiumalize tione zina. Tinapita. Ndinaima patsogolo pa mlaza uja ndi mpeni m'manja. Mkondo wake unali utayamba kutambasuka, ndipo pakati pankaoneka nsonga ya wina. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinamve chilichonse. Ndinangowerenga: uwu ndikaudula, ndi milungu isanu ya mowa, kenako palibe mowa, palibe mlaza. Ndikausiya, palibe mowa lero, koma mlaza ulipo. Ndi masamu a Sitandade 2.

Ndinamuuza Njovu kuti azimitse moto. Anaseka, nati Ba Daka alowa mpingo. Ndinati azimitse. Anandiyang'ana, n'kuponda muuniwo, n'kumapita akung'ung'udza kuti nkhalamba yapenga. Patapita mwezi anabwerera kwawo kuchigwa. Sindimuda. Mpeni unali m'manja mwanga nthawi zonse.

Tsopano zimene ndinachita, chifukwa n'zimene mwabwerera.

Tsiku lomwelo la kuchulu ndinaswa zipanda zonse, zisanu ndi ziwiri. Musasunge chimodzi poti n'chabwino kutungira madzi. Iswani.

Tsiku lachitatu thupi linayamba kugwedezeka lonse, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma dzuwa likuswa mtengo. Amene anandipeza ndi Lungu. Anandimangirira pa njinga yake ndi chitenje cha akazi ake ngati thumba la makala, n'kundikankha mpaka kuchipatala ku Mpanshya. Ndinagonako masiku asanu ndi anayi. Amene mwamwa zaka zambiri, musalekere nokha m'nyumba mutatseka chitseko. Uzani munthu, ndipo pitani kuchipatala. Ine ndinatsala pang'ono kufa chifukwa chosauza munthu.

Nditatuluka ndinapita kwa Lungu n'kukhala pansi, osati pampando. Ndinamupempha andiphunzitse nsungwi. Anati: "Masefa aja, a Daka?" Ndinati omwewo. Anandipatsa mpeni wake. Lichero langa loyamba akazi ake analitenga n'kukapatsa nkhuku kuti ziziikiramo mazira, nati kupetera ayi. Zaka zitatu ndinadya za malichero, ndikuyenda pansi kupita kumsewu. Pitani kwa munthu amene munkamunyoza. Kawirikawiri ndi yekhayo amene watsala.

Manja musawasiye opanda ntchito pa nthawi imene munkamwa. Ine nthawi zanga zinali ziwiri, m'mawa ndi madzulo, nthawi zochekera mtima wa mlaza. Miyendo inkanditengera yokha kumtsinje. Ndinaleka kulimbana nayo, ndinangoipatsa khasu. Ndinalambula kuzungulira zitsa zonse kuti moto usafike, ndinadula minga n'kutchinga mbuzi. Chitsa chilichonse ndinachisamala mofanana, chifukwa sindinkadziwa chamoyo ndi chakufa. Mvula itagwa, zina zinatulutsa mphukira patsinde. Zina sizinatulutse, ndipo ndinazidikira mvula zitatu ndisanavomere.

Ndinagwa kamodzi, pamaliro a munthu wina chaka cha 1997. Kapu ziwiri za kachasu. M'mawa mwake ndinakauza Lungu ndisanasambe n'komwe, ndipo anandipatsa nsungwi zoti ndiwaze tsiku lonse. Mukagwa, nenani tsiku lomwelo.

Amake Esnati anamwalira chaka cha 1998, ku Chinyunyu, atadwala mwezi umodzi. Ndinali nditakonza zoti ndidzapita kukawapepesa ndikadzaluka dengu lenileni, kuti ndisapite chimanjamanja. Kumeneko kunalinso kunyada. Musadikire kuti mukhale ndi chonyamula.

Chaka cha 1999 mphukira zinafika poti n'kudula. Ndinadula mkondo umodzi pa mlaza uliwonse, monga mwa lamulo la atate. Ndinaluka dengu la mkwati, masiku asanu ndi limodzi, mizere iwiri yakuda. Ndinaliyesa ndi mchenga wonyowa, osati ufa. Ndinapita nalo ku Mpanshya. Esnati anali ndi mwana kumsana. Analandira ndi manja awiri, analinunkhiza osabisa, n'kuthokoza. Anati lidzasunga nyemba. Beseni lija linali pakhonde, akuchapiramo matewera. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Anandiphikira, ndinadya, ndinabwerera. Mpaka lero amanditumizira ufa, ndipo amautumiza m'dengu limenelo.

Chiyambire maliro a 1997 aja sindinamwenso. Ndikuluka, ngakhale maso achepa. Milaza ilipo khumi ndi isanu ndi inayi, kuwerengera ndi uja wa pachulu. Musandiombere m'manja. Ndinati mudzawerengera nokha, koma ndikuthandizeni.

Milaza makumi awiri ndi isanu ndi itatu, imene atate anaisamala zaka zonse za moyo wawo. Mbuzi zisanu ndi zinayi. Njinga imodzi. Mano anayi. Zaka zisanu ndi ziwiri zopanda dengu lenileni. Mkazi mmodzi, wosapepesedwa. Ndi tsiku limodzi la mwana wanga, lomwe linachitika kamodzi, ndi beseni la pulasitiki pamutu.